Bambo Aganyu

Numerius sanauzepo munthu kuti bwalo lalikulu la mzinda wa Roma linkamunyansa: utsi wa nyama yansembe, oimira anthu pamilandu okuwa mpaka kusasa mawu, nkhalamba za m'nyumba ya malamulo zogwedeza mitu ngati zikumva. Bambo ake, a Vibius, ankamukokera kumeneko m'mawa uliwonse n'kumulozera nsanja yolankhulirapo. "Tsiku lina udzaima apo." Iye ankangoti inde, maso pansi, mtima uli kuming'oma ya njuchi kumunda kwawo.

Tsikulo linafika msanga. A Vibius anamwalira, ndipo mwambo unali woti mwana wamwamuna akwere pansanjapo atamande malemu.

Mayi ake, a Fadia, sanafune maliro ochititsa manyazi. Analemba ganyu akazi olira, n'kubwereka kwa aneba nkhope zaphula za makolo, poti makolo awo enieni ankagulitsa nsomba zamchere ndipo panalibe amene anawaumbapo nkhope. Analembanso Hilarus wazisudzo kuti avale nkhope ya malemu, aziyenda ndi kulankhula ngati iwo.

Hilarus anachita kuposa eni ake. Ankatsokomola kawiri asanalankhule, ankatsogoza mimba, moti kapolo wina atamuona anabisa chikho cha vinyo kumbuyo.

"Iwe, wongola msana," Hilarus anauza Numerius panjira, mawu ake a bambo enieni. "Ukuyenda ngati ukukabweza mbuzi yakuba."

"Musiye mwanayo," a Fadia anamudula. "Takulemba kuti ufe, osati ulere ana."

Pabwalo, anthu ovala nkhope za makolo obwerekawo anakhala m'mipando yawo, mmodzi akusinzira m'kati mwa nkhope. Wansembe wina anadutsa akukoka nkhosa, n'kufunsa kuti watisiya ndani. Atauzidwa anapukusa mutu. "Mtengo waukulu wagwa." Anayenda pang'ono, n'kubwerera kudzafunsanso dzina.

Numerius anakwera. Mawu onse amene aphunzitsi anamuthandiza kuloweza, a nkhondo zimene bambo sanamenyeko, anathawa. Pansipo Hilarus anatsokomola kawiri n'kumuloza chala.

Mnyamatayo anayang'ana nkhope ya bambo ake ija. Chibadwire sanaiyang'anepo nthawi yaitali chonchi. Dzuwa linali litayamba kufewetsa phula, mphuno ikupendekekera kumanzere. Anakumbukiranso kuti pa ntchito zimene mayi anamulembera Hilarus, kumenya mbama ngati bambo panalibe.

"Lankhula, mwana wanga," a Fadia anatero monong'ona koma momveka. "Olirawa atopa, akufunidwanso kumaliro ena."

Numerius anawongola msana.

"Bambo," anatero, mawu akutuluka aakulu kuposa mmene ankafunira, mpaka wosinza uja anadzidzimuka, "ine bwalo lino sindinalifunepo. Ndikupita kumunda kukaweta njuchi."