Chipeso Alowa Kalasi ya Chisipanishi

Chipeso anali wometa wodziwika mumsewu wonse wa kuseri kwa chipatala, munthu wa manja ofewa ndi pakamwa posatopa. Dzinalo anamupatsa ndi makasitomala ake, poti chipeso sichinkachoka kuseri kwa khutu lake ngakhale pa maliro. Koma chiyambireni mkazi wake kuphunzira Chisipanishi, anthu anayamba kutuluka m'shopu mwake ndi mitu yopendekera, uku tsitsi, uku mpala. Manja anali pa mashini ometera, mtima uli kwina.

Nkhani yake inali yotere. Chipatala chimene mkazi wake ankagwirako unamwino chinkatsegula wodi yatsopano ya ana, ndipo madokotala a m'wodimo ankachokera kudziko lolankhula Chisipanishi. Akuluakulu analamula kuti aliyense wofuna kugwira nawo ntchito, kuyambira namwino mpaka wokolopa, ayambe waphunzira chilankhulocho ndi kukhoza mayeso a pakamwa. Mkazi wa Chipeso ankafuna kukhala mkulu wa anamwino m'wodimo. Udindo umenewo anaudikira zaka zambiri, anzake obwera m'mbuyo akumudumpha, ndipo ulendo uno aliyense ankati ndi wake, bola akhoze.

Chipeso analibe vuto ndi udindowo. Vuto lake linali dalaivala wa ambulansi.

Mphunzitsi wa Chisipanishi anali ndi kaphunzitsidwe kakekake. Ankaika ophunzira awiriawiri, ndipo awiriwo ankalandizana mneni ngati anthu opatsirana njerwa pomanga nyumba: wina atchula liwu la "ine", mnzake la "iwe", woyamba uja la "iye", mpaka mneni atatha. Mkazi wa Chipeso anamuika ndi dalaivalayo, mnyamata wamtali, wa mano oyera, wonunkhira mafuta ngakhale atanyamula odwala tsiku lonse. Choipitsitsa n'chakuti ankametetsa kwa wometa wina.

M'mawa uliwonse, mkazi uja akusita yunifolomu, foni inkakhala pa thabwa lositira, mawu a dalaivala akumveka nyumba yonse.

"Canto," mkazi ankayamba.

"Cantas," foni inkayankha.

"Canta."

Kenako dalaivala ankaphonya penapake, ndipo mkazi ankaseka kuseka kwa pansi pamtima, kumene Chipeso anali atakuiwala kuti mkazi wake ali nako. Tiyi ankamuwawa m'kamwa.

"Kodi mayi, chosekacho n'chiyani?" anafunsa tsiku lina foni itadulidwa.

"Palibe, abambo. Wasokoneza mchira basi."

"Mchira wa ndani?"

"Wa mneni." Mkazi anaimika simbi, nkhope ikuwala. "Taonani. Cantar ndi kuimba. Tsinde lake ndi cant, ndipo silisuntha. Chimasintha ndi mchira. Ndikamaimba panopa nditi canto. Ngati ndinaimba dzulo nditi canté. Ngati ndidzaimba mawa nditi cantaré. Ukadziwa mneni mmodzi wotere, wadziwa anzake ambirimbiri, poti michira yawo ndi yomweyo. Kungoti kuti ikhale m'mutu pamafunika awiri."

Chipeso sanamve za tsinde kapena za dzulo. Anangomva zoti pamafunika awiri, ndi kuti mwa awiriwo iye munalibe. Nsanje inamugwira, ndipo tsiku limenelo anameta mkulu wina wa polisi mzere wokhota pamphumi.

Atamva kuti m'kalasimo munatsala malo ndipo achibale a ogwira ntchito akuloledwa, analembetsa tsiku lomwelo. Kwa anzake a pamsewu anati wometa wamakono ayenera kudziwa zilankhulo, poti madokotala achilendowo nawonso tsitsi limawakula. Anzakewo anagwedeza mitu mwaulemu, n'kumaseka iye atatembenuka.

Kalasi inkachitikira madzulo, anthu akaweruka, m'chipinda chimene kale ankasungiramo mankhwala. Munali mipando ya pulasitiki, bolodi laling'ono, ndi kabati yayitali ya zitseko zagalasi imene inkanunkhirabe sipiriti. Chipeso analowa molimba mtima n'kukokera mpando pafupi ndi mkazi wake.

"Pepani bambo, apo ayi," anatero mphunzitsi, mayi wamfupi wa magalasi olendewera pa chingwe. "Apabanja sindiwaika pamodzi. Akapanda kuchitirana chifundo, amakangana. Zonse ziwirizo siziphunzitsa mneni."

Anamupatsa amayi ena ochapa nsalu za m'chipatala, amene mnzawo wolandizana naye anasiya kalasi. Anali amasiye, a manja otuwa ndi sopo, ndipo ankagwira ntchito yaganyu chabe. Akanakhoza mayeso, akanalembedwa ntchito yokhazikika m'wodi yatsopanoyo. Mphunzitsi anabwerezanso lamulo lake kuti mlendoyo amve: pa mayeso awiri amakhoza limodzi kapena kulephera limodzi, chifukwa m'wodi ya ana palibe amene amalankhula yekha.

"Zikomo kwambiri achimwene, mwandithandiza," anatero amayi ochapa aja. "Ndimangolankhula ndi khoma."

Akanadziwa, akanakhala ndi khoma lomwelo.

Wometa aliyense amadziwa kuona munthu osamuyang'ana. Ntchito yake yonse ndi ya pagalasi: maso ali kutsogolo, koma akuona amene walowa pakhomo, amene wakhala pa benchi, amene akusuzumira m'kabati. Chipeso anapendeketsa mpando wake pang'ono mpaka chitseko cha kabati ija chinamuonetsa ngodya yonse ya kumbuyo. Mmenemo munali mkazi wake ndi dalaivala, mawondo atatsala pang'ono kugundana, akuponyerana michira ya aneni.

"Canté," amayi ochapa ankayamba, n'kudikira.

Pagalasi, dalaivala anawerama kutola cholembera cha mkazi wa mwini wake. Anachipukuta pa malaya asanachipereke. Anachipukutiranji?

"Achimwene, ndi inu. Canté."

"Eya, eya. Canto."

"Ayi, tili pa dzulo. Muti cantaste."

"Ndimati ndinene zomwezo."

Masabata anapita motero. Kalasi inachoka pa lero, inalowa pa dzulo, inadutsa pa zimene munthu ankachita kawirikawiri kale, nthawi ija ya cantaba, mpaka inafika pa mawa. Chipeso anatsalira pa lero, ndipo ngakhale pamenepo anali ndi mwendo umodzi wokha. Koma ukanamufunsa kuti dalaivala anavala malaya amtundu wanji Lachiwiri lapita, kapena mkazi wake anaseka kangati, akanakhoza popanda kuganiza.

Amayi ochapa anayesetsa. Ankabwera kushopu nthawi yopuma masana, thukuta lili kamukamu, n'kukhala pa benchi ya makasitomala kuti alandizane naye pang'ono. Koma nthawi imeneyo ndi imene Chipeso ankakhala ndi kaulendo kake kokaona ngati ambulansi ili pamalo pake, ndiponso ngati mkazi wake akudyera m'kantini kapena kwina. Ankawauza kuti adikire pang'ono, abwera posachedwa. Pobwera ankapeza atapita, atasesa tsitsi lonse la pansi kuti asakhale chabe.

Mkazi wake ankaziona zonsezi. Tsiku lina pa chakudya chamadzulo anati, "Abambo, tiyeni ndikuthandizeni. Tizichita tonse kuno kunyumba, mphunzitsi sadziwa."

Apa ndiye panali pogwira. Koma nsanje ndi kunyada zimagona mphasa imodzi. "Kathandizeni dalaivala wanu," anayankha Chipeso. "Ine mutu ndili nawo."

"Si za inu nokha. Amayi aja ali ndi ana."

"Ndiye ndawabereka ndine?"

Mkazi anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kutola mbale. Sanaitchulenso nkhaniyo.

Tsiku la mayeso mipando anaikankhira kukhoma, pakati n'kusiyapo iwiri yoyang'anizana. Zitseko za kabati anazimatira mapepala kuti wina asaonere pa bolodi. Mphunzitsi anati awiri aliwonse awapatsa mneni wawo, ndipo amuyendetse pa lero, pa dzulo ndi pa mawa. Amayi ochapa anavala diresi lawo labwino. Anakhala pambali pa Chipeso, milomo ikuyenda yokha. Iwo michira yonse anali nayo m'mutu. Ankadziwanso bwino lomwe kuti sizithandiza.

Mphunzitsi asanaitane oyamba, mkazi wa Chipeso anaimirira.

"Aphunzitsi, ndili ndi pempho. Amayiwa alowe ndi adalaivala. Ine ndilowa ndi amuna anga."

Onse anatembenukira kwa mphunzitsi.

"Lamulo langa la apabanja mukulidziwa," anatero mphunzitsi.

"Ndikulidziwa. Koma munati ndi la pophunzira. Lero sitikuphunzira."

Mphunzitsi anavala magalasi, anayang'ana amayi ochapa, anayang'ana Chipeso, kenako anabwerera kwa namwinoyo. Nayenso maso anali nawo masabata onsewa. "Mukudziwa chimene mukupempha, asisita?"

"Ndikudziwa."

"Chabwino."

Tinene zoona: mtima wa Chipeso unavina. Pamaso pa anthu onse, mkazi wake wamusiya mnyamata wonunkhira uja n'kusankha iye. Anakonza kolala, anayang'ana dalaivala kuyambira kumutu mpaka kunsapato, ndipo akanakhala ndi ndevu zazitali akanazisisita. Dalaivala sanamubwezere diso. Ankayang'ana namwinoyo ndi nkhope ya munthu amene waona ngozi ikubwera, ndipo Chipeso anati mumtima, zamuwawa.

Amayi ochapa ndi dalaivala anapatsidwa caminar, kuyenda. Poyamba mawu a amayiwo ankatuluka ang'onoang'ono, koma ataona kuti akaponya camino mnzawo akubweza caminas nthawi yomweyo, anawongola msana. Anadutsa pa lero, anadutsa pa dzulo, ndipo pofika pa caminaremos ankachita kugogoda phazi pansi. Mphunzitsi anangoti, "Mwakhoza." Amayiwo anaphimba nkhope ndi manja.

Kenako inafika nthawi ya Chipeso. Walira mvula walira matope. Anakhala pampando, mawondo ake atatsala pang'ono kugunda a mkazi wake, malo omwe aja ankawalakalaka. Apa ndi pamene anakumbukira kuti pampandopo munthu amakhalapo ndi ntchito.

"Hablar," anatero mphunzitsi. "Kulankhula. Yambani pa lero."

"Hablo," anatero mkazi.

"Hablas," anayankha Chipeso, ndipo anadabwa yekha.

"Habla."

Anakanda kuseri kwa khutu. Mawu a m'mawa aja a pa thabwa lositira anamubwerera pang'ono. "Hablamos."

Anakwawa choncho mpaka lero linatha. Thukuta linali litayamba kutsika m'khosi.

"Dzulo," anatero mphunzitsi.

"Hablé," anatero mkazi, momveka bwino, n'kudikira.

M'mutu mwa Chipeso munalibe kanthu. Anafufuza uku ndi uku, koma zimene anapezamo ndi malaya a dalaivala, cholembera chopukutidwa, ambulansi itaima pansi pa mtengo. Anayang'ana mkazi wake kuti mwina amunong'oneza, mwina agwedeza milomo. Mkaziyo sanatero. Anangomuyang'ana, osakwiya, osamwetulira, manja ali pamiyendo, ngati mmene amadikirira wodwala kuti ameze mankhwala. Munthu uja pakamwa pake sipankatopa anakhala kukamwa yasa. Wina kumbuyo anatsokomola.

"Hablo," anayesa motsitsa mawu.

Mphunzitsi anawapatsa mpata wina, pa mawa. Zinali chimodzimodzi. Anavula magalasi pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Pepani, asisita."

Panja, amayi ochapa anagwira dzanja la namwinoyo ndi manja awo onse awiri. Dalaivala anangoti, "Asisita, zandikhudza," n'kupita kukaimika bwino ambulansi yake. Sanacheuke n'komwe, ndipo Chipeso anasowa pomukwiyira.

Anayenda awiriwiri kulowera kugeti. Manyazi anamulemera Chipeso kuposa nsanje ija, ndipo anayamba kulankhula mofulumira, monga amachitira akamudula kasitomala khutu.

"Mayi, musadandaule. Ndiphunzira. Tiyambe lero lomwe, kunyumba. Mayeso ena akadzabwera..."

"Wodi akutsegula sabata yamawa. Mkulu amusankha mwa amene akhoza lero."

"Ndiye munachitiranji zimenezi? Mukanalowa ndi dalaivala uja bwenzi mutakhoza."

Mkazi anaima. Anasamutsa chikwama kuchoka paphewa lina kupita pa linzake, ndipo anayankha mofatsa, ngati akumuuza mtengo wa sopo.

"Ngongole ya pakhomo pathu sakanalipira amayi aja. Iwo mwamuna alibe. Ine ndili naye."

Anayang'ana wotchi, nati nthawi yake yolowa ntchito ya usiku yakwana. Anabwerera yekha m'khonde lalitali lopita kuwodi yake yakale, ndipo Chipeso anatsala pageti, mlonda akumufunsa ngati akulowa kapena akutuluka.