Diso Lotsala la a Amo-Amasi

Bambo anga anatsala ndi diso limodzi, ndipo nalonso linali litachita ng'ala. Lamanzere linafa kalekale ndi matenda a shuga. Lamanja linkaona zinthu ngati pagalasi la m'bafa mwangotuluka munthu wosamba madzi otentha. Dokotala wa maso anati ng'alayo ndi yochotseka, ntchito yake si yaitali, bola wodwalayo agone chagada osagwedeza mutu. Zowagonetsa ndi mankhwala anakana, akuti mtima wawo sungapirire. Choncho nkhani yonse inatsamira pa chinthu chimodzi: mkulu amene moyo wake wonse ankalamula anzake kukhala phee, tsopano akhale phee iyeyo, mpeni uli m'diso.

Ulendo woyamba zinakanika. Analowa nawo ndi achemwali anga, amene ndi loya, ndipo pakamwa ndi pamene amadyera. Anawafotokozera bambo zonse mwadongosolo, kuti musaope, n'zazing'ono izi, anthu ambirimbiri achitidwa. Koma atangowafunditsa nsalu yobiriwira kumaso, bambo anadzambatuka. "Nsalu kumaso amaphimba maliro!" Namwino anawagwira pamkono, iwo n'kukoka, zipangizo zonse mbwee pansi. Mwayi wake dokotala anali asanacheke. Potuluka anatiuza mosazungulira kuti ayesanso kamodzi kokha, chifukwa sangaike mpeni pa diso lomaliza la munthu wophiriphitha.

Tsiku lobwereza litakwana, paja tsoka silinunkha, achemwali anadzuka ndi chimfine. Anayesa kuchibisa ndi timaswiti ta pakhosi, koma pa benchi ya kunja kwa fiyeta, chipinda cha opaleshoni, chinawaulula.

"Amayi, wotsokomola salowa m'katimu," anatero namwino. "Palibe wachibale wina?"

Achemwali ananditembenukira. Ine ndinali nditangobwera ngati dalaivala, makiyi a galimoto ali m'manja.

"Ndani akulowa nane?" anafunsa bambo, nkhope italoza kukhoma.

"Ndine, bambo."

"Sipanala?"

"Eya, bambo."

Anausa moyo. "Basi. Pobwerera mudzere kogula ndodo yoyera ya akhungu."

Achemwali anaseka mpaka kutsamwa ndi chifuwa chawocho. Ine sindinaseke.

Sipanala ndi ineyo. Ndine makaniko, ndili ndi kagalaja kanga, ndipo dzinali anandipatsa ndi bambo tsiku limene ndinawauza kuti sukulu yandikwana. Iwo anali mphunzitsi wa Chilatini. Ana asukulu ankawatchula kuti a Amo-Amasi chifukwa ndi mawu a Chilatini amene ankayambira nawo phunziro loyamba la chaka, akumenya tebulo ndi rula. Inenso ndinakhalapo m'kalasi mwawo, koma mutu wanga unakana Chilatini ngati mmene injini ya petulo imakanira dizilo. Pa mawu onse aja ndinatsala ndi amodzi okha, chifukwa anandilowa kudzera m'zikhatho: mulcere.

Tsiku limenelo anandiimiritsa pamaso pa anzanga. "Iwe, mulcere ndi kutani?"

"Ndi kutonthoza."

"Kutonthoza ndi chiyani? Ndi switi?"

"Ndi mawu okoma."

Rula inalira. Kenaka, zikhatho zanga zikuyaka moto, anayamba kufotokoza ndi mawu ofewa amene kunyumba sitinkawamva. Anati mulcere si kunyengerera munthu ndi pakamwa ayi, ndi kusisita, kukhudza mopepuka. Aroma ankanena mawuwa ng'ombe ikamanyambita mwana wake, kapena kamphepo kakamadutsa pa maluwa osathothola ngakhale limodzi. Pambuyo pake ndi pamene anayamba kuwanenanso za nyimbo yoziziritsa mtima wa munthu wokwiya, ndi za nyanja yolusa ikamaphwa ukali. "Kutonthoza kumabwera pambuyo," anatero. "Choyamba ndi dzanja. Khala pansi." Ndiye tangoganizani, kukwapulidwa chifukwa cha mawu otanthauza kusisita!

Kunyumba kwathu amene ankalandira mulcere anali mphaka. Bambo akamachonga makope madzulo, dzanja lamanja linkagwira cholembera chofiira, lamanzere lili pamsana pa mphakayo. Ndinkati ndikamunyamula ine, ankandikanda n'kuthawa. Bambo osadzutsa mutu ankangoti, "Wamugwira ngati wakuba. Dzanja lipepuke, litsate kumene ubweya wagonera. Azidziwa kuti akhoza kuchoka, ndiye sachoka." Ine ndi achemwali tinakula tikuchitira nsanje mphaka, ndipo sindichita manyazi kunena zimenezi. Chikulire changa ndinali ndisanawakhudzepo bambo kupitirira moni wa m'manja.

Pa benchi paja zonsezi sizinali m'mutu mwanga. M'mutu munali mantha okhaokha. Achemwali anandikokera pambali, mpango uli pamphuno.

"Uziwauza kuti zatsala pang'ono. Usawatsutse. Usatchule za mpeni. Iwe, ukundimva?"

"Ndikumva, achemwali."

"Diso limeneli likapita, mabuku awo apita. Ndipo bambo opanda mabuku ukuwadziwa, satha chaka."

Ndinkadziwa. Chiyambire ng'alayi ankangokhala pampando wa pawindo, buku lili pamiyendo, akulipapasa chikuto. Zakudya ankangozilawa. Lamba wawo ndinali nditamuboola mabowo ena ndi msomali kugalaja.

Namwino anandiveka mkanjo wobiriwira, kachisoti ndi kansalu kotseka pakamwa. Anandisambitsa m'manja kambirimbiri, n'kuyang'ana zikhadabo zanga, n'kupukusa mutu. Girisi wa zaka zambiri samva sopo wa kuchipatala.

"Manja amenewa asatuluke kunsi kwa nsalu," anatero. "Mukhala pa kampando aka. Muwagwire dzanja mwamphamvu, asalikweze kumaso. Akafuna kutsokomola akufinyani, inu munene. Ntchito yanu ndi yomweyo."

M'chipindamo munkazizira ngati m'firiji. Bambo anali atagona kale pa kabedi kopapatiza, mutu uli m'kadzenje ka pilo, ndipo ankaoneka ochepa kuposa mmene ndinkawadziwira. Pachala anawapana kachipangizo kolumikiza ku makina amene ankalira ti, ti, ti, motsatira mtima wawo. Dokotala, mayi wamfupi wa mawu ochepa, anawadonthezera mankhwala ochititsa dzanzi, n'kudikira.

"Aphunzitsi, nsalu ija ikubwera. Mpweya ulipo wambiri kunsiko. Musayankhule, musagwedeze mutu."

Nsalu inatsika, n'kutsala kabowo pa diso pokha. Ndinagwira dzanja la bambo monga anandiuzira. Munthu amene amamasula mabawuti a dzimbiri tsiku ndi tsiku ukamuuza kuti gwira mwamphamvu, amagwiradi. Dzanjalo linali lozizira, lonyowa ndi thukuta.

Poyamba zinkaoneka ngati ziyenda. Dokotala anakokera makina ake oonera pafupi, namwino n'kumamupatsira tizipangizo. Kenaka kunayamba kulira kena kake ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, ndipo ndinamva mkono wa bambo ukuuma. Makina a mtima anayamba kuthamanga. Zala zawo zinkapotokola m'chikhatho changa, zikufuna potulukira. Ine ndinawonjezera mphamvu.

"Zatsala pang'ono, bambo," ndinatero, monga anandiphunzitsira achemwali. Mawu anga anatuluka ngati a munthu wina.

Bambo anakoka. Phewa linanyamuka pabedi, nsalu n'kugwedezeka.

"Mutu!" anatero dokotala, ndipo kulira kwa njuchi kuja kunaleka. "Aphunzitsi, ndili m'kati mwa diso. Pano sindingabwerere, sindingapitirirenso mukamatero."

Ndinayang'ana manja a dokotala ataima m'malere, kachitsulo kopyapyala kali m'diso la bambo anga. Ndinkadziwa kuti akangokoka kamodzi kena, tikagula ndodo yoyera ija, ndipo aliyense akadziwa kuti analowa nawo ndi Sipanala. Ndinkafuna kutuluka, ndinkafuna kuitana achemwali, ndinkafuna kuwakalipira bambo kuti mwana wamng'ono amaposa inu. Kunsi kwa nsalu kunkamveka kupuma kwa befu.

"Agwireni ndi manja onse awiri!" anatero namwino.

Ndinaweramira kunsi kwa nsalu kuti ndigwire ndi dzanja linalo, ndipo ndinaona chimene ndinkachita. Chikhatho changa chakudacho chinali chitapana dzanja lawo ngati pulayala, khungu litachita kuyera m'mbali mwa zala zanga. Pamwamba pake panali mkono wowonda wa tiubweya toyera, tonse titagonera mbali imodzi. Ndinali nditawagwira ngati wakuba.

Ndinatsegula dzanja.

"Achimwene, mukutani?" namwino ananong'ona mokalipa.

Inenso sindinkadziwa ngati sindikuwaphera diso bambo anga. Dzanja lawo linanyamuka pang'ono, njira yopita kumaso ili yotseguka. Ndinaika nsonga za zala pamkono wawo, pafupi ndi chigongono, n'kutsetsereka pang'onopang'ono mpaka pa mfundo ya dzanja. Ndinanyamula zala, n'kubwerera pa chigongono, n'kutsetserekanso. Zala zanga n'zokhakhala ngati sandipepa, ndipo ndinkaopa kuti ndiwakanda. Ndinapepukitsa dzanja mpaka ndinkangokhudza ubweya wokha.

Dzanja lija linakhala m'malere kanthawi, ngati likuganiza. Kenaka linatsika, n'kugona pa bondo langa.

Makina a mtima ankathamangabe, koma pang'onopang'ono ti ndi ti mnzake anayamba kutalikirana. Phewa linabwerera pabedi. Dokotala anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake, n'kuyang'ana namwino, kenaka njuchi ija inayambanso kulira.

Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Msana unandipweteka, mkono unachita dzanzi, thukuta linkalowa m'maso koma ndinalibe dzanja lopukutira. Nthawi iliyonse kachipangizo kakalira mwachilendo, mkono wa bambo unkauma, koma sindinasiye. Manyazi analiponso, ndisaname. Bambo wamkulu ngati ine, wandevu zake, kumasisita mkono wa bambo ake pamaso pa anthu! Ndinkangoyang'ana pansi, pa nsapato za pulasitiki zimene anandiveka.

"Tamaliza," anatero dokotala. Anachotsa nsalu, n'kumata thonje ndi pulasitala pa diso. "Zonse zili m'malo mwake. Koma paja munagwedezeka paja sindikulonjeza kanthu. Tidzaona mawa tikamatula."

Panjira achemwali anatipanikiza ndi mafunso ngati ali m'khoti. Ine ndinangoti zayenda. Tsiku lonselo kugalaja ndinkangogwetsa zinthu, mpaka ndinathira oyilo m'galimoto ya munthu ndisanatseke bawuti ya pansi. Mawu a dokotala aja, akuti sindikulonjeza kanthu, ankangobwerera m'mutu. Mwina ndinachedwa kutsegula dzanja, mwina sindikanayenera kulitsegula n'komwe.

M'mawa mwake tinali m'kachipinda ka dokotala, makatani atatsekedwa kuti kuwala kusachuluke. Achemwali anaima pakhomo ndi mpango wawo. Bambo anakhala pampando wautali, ine pa kampando pambali pawo. Namwino atangogwira nsonga ya pulasitala, ndinaona bambo akumeza malovu. Kenaka, osatembenuka, anakwinya dzanja la malaya mpaka pa chigongono, n'kuika mkono pa bondo langa.

Achemwali anatsegula pakamwa, koma kwa nthawi yoyamba chibadwire chawo sipanatuluke mawu. Ine ndinayamba ntchito yanga.

Pulasitala inamatuka, thonje n'kuchoka. Namwino anapukuta chikope ndi kathonje konyowa. Diso linali lofiira, lodzaza misozi, ndipo linkaphethira ngati silikudziwa kuti lili kuti.

"Aphunzitsi, mukuona chiyani?" anafunsa dokotala.

Chete.

"Mukuona dzanja langali?"

Bambo sankayang'ana kwa dokotala n'komwe. Mutu unali utawerama, ndipo ine ndinati basi, zatha, munthu wakhungu ndi amene amagwetsa mutu chonchi. Zala zanga zinaima zokha pamkono pawo.

"Sipanala," anatero bambo.

"Wawa, bambo."

"Zikhadabo zakudazi ndi zimene unalowa nazo m'fiyeta dzulo?"

Achemwali analira mokweza pakhomo paja, chimfine ndi misozi zitasakanikirana. Dokotala anaseka, namwino n'kunena kuti iye anayesetsa ndi sopo. Ine ndinafuna kubisa manja anga m'thumba monga ndinkachitira ndili mwana akamayendera zikhadabo m'kalasi, koma bambo anapanikiza mkono wawo pa bondo langa, diso lofiira lija likuyang'anabe zala zanga chimodzichimodzi.

"Ndani wakuuza kuti usiye?" anatero.