Galimoto ya Bambo Isiya Petulo

"Tapaka sopo apo!" anakuwa makaniko, mutu uli m'buti ya galimoto.

Chitsirizira, mwana wamkazi wa malemu, anapaka madzi a sopo polumikizira paipi paliponse. Thovu silinatupe. Gasi sankatuluka.

Panali patatha masiku asanu chiikireni Bambo m'manda. Galimoto yawo ya hayala anaisiya ntchito ili pakati, thanki ya gasi atamanga kale, mapaipi akulendewera. Ankafuna iziyendera gasi m'malo mwa petulo.

Mchimwene wake wa Chitsirizira ankangozungulira ngati nkhuku yofuna kuikira. "Tigulitse injini ikadali yamoyo! Gasi ndi wouma, amawotcha mavalavu. Zipangizo zokhazi zadya ndalama za matayala anayi."

"Amawotcha ukamupimira molakwika," anayankha makaniko. "Bambo anu sanali munthu waphuma."

"Mukaigulitsa, achimwene, ine ndiziyendetsa chiyani? Wilibala?" anatero Chitsirizira. Ankaseka, koma mantha anali nawo, pakuti ntchito ina analibe.

Mayi ndiwo anagamula. "Ikakwera chitunda cha kuseri kwa msika pa gasi osatsokomola, ikhala. Ikakanika, gulitsani."

Analowamo onse anayi. Chitsirizira anailiza pa petulo kuti injini iyambe yatentha. Atafika m'munsi mwa chitunda, makaniko anakuwa, "Tsopano! Dina batani la gasi!"

Mtsikana anapapasa pansi pa chiwongolero, palibe. Pafupi ndi giya, palibenso. Abale inu, thukuta lake!

"Lili kuti?"

"Kaya! Mawaya bambo anu anamanga okha, ine sindinawakhudze!" anayankha makaniko.

Mayi, ali pampando wawo wakutsogolo, anamva bondo lagunda kanthu. Anawerama, n'kuona batani lobiriwira, lomangidwa bwinobwino mbali yawo. Analidina.

Injini inachita ngati yameza mate, kenaka phokoso linasalala, galimoto n'kuyamba kukwera. Makaniko anamenya denga ndi chibakera. Mchimwene yemwe uja, wogulitsa uja, mutu unali pawindo: "Ponda, mlongo, ponda!"

Pamwamba pa chitunda Chitsirizira anaima, akuseka misozi ili mbwee. Mayi chala chinali chikadali pabatani.

"Zaka makumi atatu ndakhala pampando uno manja ali pamiyendo," anatero motsitsa mawu. "Bambo anu ankandiuza kuti tsiku lina nanenso ndidzayendetsako pang'ono. Ine ndinkati akundiseka."

Anatenga nsonga ya mpango wawo n'kulipukuta batanilo pang'onopang'ono.