Nsapato za ku Kiliniki

Amayi anga, a Elinata, anayamba kudandaula msana mu 1993. Ndinawakweza pa njinga kuchoka ku Zemba mpaka ku kiliniki. Nesi, a Theresa, anawaimika kukhoma, rula pamutu, n'kulemba mzere.

"Mafupa a amayi okalamba amafumbwa ngati chimanga cha m'nkhokwe," anatero a Theresa. "Makina oonera m'kati tilibe, koma msana ukamadyeka munthu amafupika. Chaka chamawa akatsika masentimita atatu, ndikulemberani kalata ya ku Chipata akayambe mankhwala."

Tsikulo amayi anali opanda nsapato, ming'alu mbee. Azimayi a pa boma amene anakhala pabenchi ankakodolana. Ine mtima phwii! Nditagulitsa mtedza ndinawagulira nsapato zakuda zochindikala kuphazi, aone kuti nafenso ndife anthu.

Chaka chitatha tinapitanso. Pakhomo amayi anawerama kuti avule, monga ankachitira polowa m'tchalitchi. Ndinawamenya kadzanja. "Musandichititse manyazi, inu!"

A Theresa anali atasamutsidwa. Nesi watsopano, odwala ali mbwee panja, anangoika rula mothamanga. Ndendende pamzere.

"Palibe chasintha, agogo. Kalata sindingalembe."

"Koma mwanangu, chitenje chikukwekwerera pansi masiku ano," amayi anatero.

Ine pakamwa panga pano ndinawayankha kuti, "Kodi mwadziwa kuposa rula?"

Pokolola, amayi anadzuka ndi dengu pamutu, m'chiuno thyo! Sanaimenso. Anagona pamphasa miyezi iwiri akulira, ndipo anatisiya mu Julaye.

Adzukulu anayeza thupi ndi bango kuti akakumbe manda. Maliro atatha ndinalitenga bangolo, anthu akuti ndi malaulo, ine osamva. Ndinapalasa mpaka ku kiliniki, ndinalowa osaodira, n'kuliimika pakhoma paja. Linaperewera zala ziwiri zathunthu kuti lifike pamzere.

"Onani! Mwandiphera amayi ndi rula yanu yabodzayi!"

Nesi uja anayang'ana bango, nayang'ana mzere, nkhope itagwa. Anafunsa motsitsa mawu, "Kodi tsiku lija tinawavula nsapato?"

Ndinakhala pansi pomwepo. Ine Lonia, ndi manja angawa, ndinawaletsa kuvula. Mtima umandiwawa mpaka lero. Nsapatozo zili pansi pa bedi langa, sizinathe n'komwe, pakuti amayi ankazisungira ulendo wa ku kiliniki basi.