Ulusi wa mu Uvuni

Giya ya pulasitiki ija inabwerera Lachiwiri m'mawa itakulungidwa m'nyuzipepala. Mwini malo ochapira zovala anaiika patebulo mwaulemu ngati akupereka chipepeso. Mano onse a giyayo anali atapindikira mbali imodzi.

"Yangotha masiku atatu okha, mayi," anatero bamboyo. "Makina anga amatentha, inu mukudziwa. Ija anandipangira malemu amuna anu inatha zaka ziwiri."

Mayiyo anangoti pepani. Akanatinso chiyani? Kwa zaka khumi ndi zinayi iye ndi mwamuna wake ankagawana ntchito. Iye ankajambula zipangizo pakompyuta, mwamunayo n'kumasankha ulusi wa pulasitiki woti makina awo asungunule ndi kuumbira chipangizocho, mzere pamwamba pa mzere. Zojambula ankazidziwa ngati dzina lake. Koma za ulusi sanafunsepo, poti wodziwa anali pampando wapafupi. Tsopano panali patatha miyezi iwiri mpandowo uli wopanda munthu.

"Ndidikira mpaka Loweruka," bamboyo anatero ali pakhomo. "Ikapindikanso, musadzandione woipa ndikapita kwina. Pajatu anzanga onse amafunsa ine kokapangitsa zinthu."

Mawuwo anamulasa. Alamu ake anali atanena kale kawiri kuti makinawo agulitsidwe, chitseko chitsekedwe, iye akapume. Akapume kuti? Kunyumba kumene ngakhale wotchi inkamveka ngati ikumunena?

Anapita kushelefu. Malemuwo ankasunga mipukutu ya ulusi m'zidebe zovundikira, ndipo pachidebe chilichonse analembapo ndi dzanja lawo lokhotakhota lija. Anatembenuza chomwe anatengamo ulusi woyera wonyezimira uja, umene anausankha chifukwa suvuta kuumba. Kumbuyo kwake kunalembedwa kuti "wa zidole". Anaseka yekha, kuseka kowawa. China chinati "wa padzuwa". Chapansi penipeni chinati "wa pamoto", ndipo munali nayiloni wakuda, wokhakhala, wosakaniza ndi timaulusi tolimbitsa. Chivundikiro chake chinali pambali, mmene anachisiyira mwiniwake tsiku lomwe anamutengera kuchipatala.

Analowetsa ulusi wakudawo m'makina. Posakhalitsa kukamwa kwa makinawo kunayamba kuthetheka ngati madzi agwera m'mafuta otentha, kanthunzi kakutuluka. Giya inatuluka ya zithupsa thupi lonse. Ataifinya ndi pulayala, inagawanika ngati bisiketi. Anachepetsa moto, anawonjezera moto, anachepetsa liwiro. Zinali chimodzimodzi. Lachitatu lonse linathera pomwepo.

"Nanga si mwalemba nokha kuti wa pamoto?" anafunsa mokweza, ngati mwamuna wake ali pomwepo. M'chipindamo munangomveka fani ya makina.

Lachinayi masana anabwerera kunyumba mutu uli gwa. Kuphika chakudya cha munthu mmodzi kunkamugwetsa ulesi, komabe anatsegula uvuni kuti atengemo chiwaya. Pathireyi yapansi panali chizindikiro chozungulira, chakuda, chomwe chinakana sopo ndi waya zaka zonsezi. Anagwada pomwepo n'kuchiyang'ana.

Chizindikirocho chinali nkhondo yakale ya m'nyumbamo. Kangati anapeza mpukutu wa ulusi uli phee mu uvuni wake!

"Bambo, khitchini yanga mwaisandutsa fakitale? Mukufuna tizidya buledi wonunkha pulasitiki?"

"Wamwa madzi, mayi. Ndikungouyanika."

"Pulasitiki kumwa madzi? Mukanamize ana!"

Mwamunayo ankangoseka, n'kudikira kuti mkazi wake apite kumsika kuti abwezeremo. Mayiyo ankayesa kuti ndi nthabwala za munthu wosafuna kugonja. Kufunsa bwinobwino sanafunsepo ngakhale tsiku limodzi.

Anathamangira kuntchito kukatenga mpukutu wa nayiloni uja, umene unakhala pamtunda miyezi iwiri ukumwa chinyezi. Anauika pachizindikiro chomwecho, ndipo unakwanirapo ndendende. Anayatsa moto wochepa, pomwe ankapeza muvi wa batani la uvuni utasiyidwa masiku amenewo, nakhala pampando wa m'khitchini maola asanu ndi limodzi. Palibe amene anagogoda. Palibenso amene anadandaula za fungo.

Lachisanu m'mawa makina anayamba kuumba. Mayiyo anatchera khutu. Kunalibe kuthetheka, kunalibe nthunzi, ulusi unkangoyala mzere wake mosalala. Giya itazizira anaifinya ndi pulayala mpaka dzanja linawawa. Anaiponya m'madzi owira, naivuula, naifinyanso. Dzino ngakhale limodzi silinasunthe. Chitseko chija sichitsekedwa, alamu anene zonena zawo.

Ndi chimwemwe, asanaganize n'komwe, anatembenukira kumpando wa mwamuna wake uja giya ili m'manja.

"Mwaona? Unalidi utamwa madzi. Munkanena zoona, bambo."

Zaka khumi ndi zinayi mwamunayo anadikira mawu amenewo. Mayiyo anaima choncho kwa kanthawi, mkono uli wotambasula. Kenako anawerama, natola chivundikiro chija pansi, navundikira chidebe.