Mpweya Nawo Umatopa

Makina ankalira pakhonde ngati akuphedwa, koma m'zipinda zam'mwamba kapeti inali chinyowere. Jairus anaponda ndi chidendene, madzi a sopo n'kutumphuka m'mbali mwa nsapato.

"Sikukoka," anatero Mainess, mkazi wake, ataika chikhato kukamwa kwa paipi. "Ngakhale khanda loyamwa limakoka kuposa apa."

"Iwe, usandiyambe."

Jairus anali ndi chifukwa chokwiyira, munthu wa Mulungu. Ntchito ya kufakitale ku Heavy Industrial Area anaisiya mwezi wa June, n'kugula makina ochapira makapetiwa. Iyi inali ntchito yake yoyamba yaikulu, m'nyumba ya alendo ku Northrise, zipinda 6 ndi kolido yake. Mwini nyumbayo, ba Pauline, ananena mosapsatira kuti alendo a ukwati afika 16 hours. Akapeza kapeti yonyowa, Jairus asadzapondenso pamenepo, ndipo Ndola yonse idzamva. Apa n'kuti 12 itadutsa kale.

Makinawo anali olemera, masitepe opapatiza, ndiye anawasiya pansi. Dzulo lake Jairus anagula paipi yatsopano ya mamita 30, yowonda, ya inchi imodzi ndi hafu. Yonenepa ya mainchi 2, imene inabwera ndi makina, anaisiya m'galimoto. Nzeru yake inali ya kudimba: ukatsina paipi yothirira, madzi amathamanga. Ndiye yowonda iyenera kukoka mwamphamvu, si choncho?

Anatsika onse awiri kukayang'ana makina. Akutsegula apa n'kutseka apo, mlonda wa pageti, bambo wa imvi wovala jekete yomukulira, anasendera pafupi.

"Mwabombeni," anawapatsa moni m'Chibemba, n'kupempha m'Chibemba chomwecho kuti aioneko paipiyo.

Jairus anatembenukira mkazi wake n'kulankhula chakwawo, poganiza kuti mkuluyo samva. "Taona mdala uyu. Wa pageti akufuna kuphunzitsa injiniya. Tsobola wakale sawawa."

"Sawawa, inde," anayankha mlondayo m'Chichewa chosalala, "koma musam'tikite m'maso. Kwathu ndi ku Katete. Ndine Masauso Mbewe."

Mainess anagwira pakamwa. Jairus manyazi anamugwira mpaka m'makutu, anavula kapusi osadziwa poiika.

A Mbewe sanadikire kupepesa. Anang'amba kachidutswa ka nyuzi, anazula paipi pa makina, n'kuyandikiza kapepalako pabowo. Fyuu! Kanamezedwa. Anabwezera paipi, anakwera masitepe pang'onopang'ono akuisisita ndi dzanja, awiriwo ali pambuyo. Kumapeto kwake anayandikiza kapepala kena. Kanangonjenjemera basi.

"Makina alibe mlandu," anatero. "Mpweya nawo umatopa panjira. M'paipi yowonda umakhulana ndi makoma, ndipo pokhota paliponse umasiyapo mphamvu. Mamita 30, kuwonjezera apo mwaipindapinda pamasitepe! Ufika bwanji kuno uli ndi moyo?"

"Koma atate, paipi ya kudimba ukaitsina..."

"Umatsina kumapeto, mwana wanga. Sutsina njira yonse. Yonenepa mulibe?"

"Ili m'galimoto," Mainess anayankha msangamsanga. "Ine ndinanena, koma safunsa anadya phula."

Anakankhira makina kuseri kwa nyumba, pansi penipeni pa windo la kolido. Paipi yonenepa ya mamita 10 inakwera molunjika n'kulowera pawindopo. Yowonda ija a Mbewe anailoza ndi chala. "Dulani. Musiye mamita 3 okha, a kumapeto kogwira ndi dzanja, kuti musatope." Jairus zinamuwawa, poti paipiyo inali isanathe ndi tsiku limodzi lomwe, koma anadula.

Mainess atayatsa makina, kulira kwake kunasintha, kunakhala kwakuya. Chokokera cha kumapeto kwa paipi chinamamatira pansi mpaka kapeti inanyamuka m'mphepete. Madzi akuda bii ankathamanga m'paipi, paipiyo ikugwedezeka yokha. Pamene chokokera chadutsa, mtundu wofiira umene unabisika zaka zambiri unkatuluka poyera. Jairus anagwada n'kugwira ndi chikhato, anagwiranso kachiwiri. Makina omwewo, magetsi omwewo! Anachita mantha enieni ngati waona chozizwitsa.

"Atate, zimenezi munaphunzira kuti?"

"Mumgodi ku Kitwe, zaka 27." A Mbewe ankayankha akutsegula windo lina kumapeto kwa kolido, n'kutseka zitseko ziwiri zapakati. Mphepo inayamba kudutsa pansi, makatani n'kumauluka. "Ntchito yanga inali yotumiza mpweya pansi, kupitirira mamita 1,000. Kumeneko ukalakwitsa kukula kwa paipi, nkhani si ya kapeti kununkha ayi. Amuna 40 kumapeto kwa ngalande amayamba kuwodzera, ndipo sadzukanso. Pa shifiti yanga sanawodzerepo munthu."

Anatsika kubwerera kugeti kwawo. Mainess anawayang'ana mpaka atazimiririka, n'kunong'ona, "Mayo ine! Anthu 40 ankapuma ndi manja amenewo."

Ba Pauline anafika 15:30. Anavula nsapato, anayenda kolido yonse ndi mapazi, analowa chipinda chilichonse, n'kuyang'ana kuphazi kwawo.

"Ba Jairus, ndinu katswiri! Nyumba yanga ya ku Kitwe mupiteko Lolemba."

"Tipita, amayi, zikomo kwambiri. Koma katswiri si ine. Ndi a Mbewe."

"A Mbewe ndani?"

"A pageti."

Ba Pauline anasendera pawindo. Pansipo mkulu uja ankakoka geti lachitsulo kuti galimoto yoyamba ya alendo ilowe, atawerama pang'ono, dzanja limodzi lili pachifuwa.

"Zaka 6 akunditsegulira geti," anatero motsitsa mawu. "Ine ndimangoti ba guard."

Anavala nsapato zawo n'kutsika masitepe. Alendo anali akutuluka kale m'galimoto, koma ba Pauline anawadutsa, n'kulunjika kugeti.