Waya wolendewera mu ofesi ya amalume

"Achimwene, fulumirani, ndatha ine!"

Anali mlongo wanga, chitsiriza wathu, akulira pafoni. Akuluakulu a kampani ina amayenera kumufunsa mafunso a ntchito pakompyuta, maso ndi maso, masana omwewo. Chimalizireni sukulu mwanayo anangokhala pakhomo, ndiye mwayi wake unali womwewu. Anapempha malo ku ofesi ya amalume poti kumeneko intaneti ndi yamphamvu. Yamphamvu chani! Tsiku lomwelo ndi lomwe inayamba misala.

Ine ntchito yanga ndi ya mawaya ndi makompyuta, ndiye ndinafika ndili wefuwefu. Ndinapeza amalume akukalipira a kampani ya intaneti pafoni, thukuta lili kamukamu.

"Taimani kaye amalume, tione ngati olakwa ndi iwowo."

Ndinayamba kugogoda rauta, kachipangizo kolowetsa intaneti mu ofesimo. Umatumiza timaphukusi ta uthenga n'kuona tingati tabwerako. Abale inu! Pa khumi tinkabwera titatu. Komatu rautayo inali pompo pakhoma, timaphukusi tisanatuluke n'komwe panja.

"Wakuba ali m'nyumba momwe muno," ndinatero. Ine ndikanunkhiza vuto chonchi ndimamva kukoma.

Ndinakwawira pansi pa tebulo pomwe pali swichi, kabokosi kokumanirako mawaya a makompyuta onse. Timagetsi take tonse tinali phethiphethi nthawi imodzi ngati tapenga. Ndinayamba kuzula waya mmodzimmodzi, mlongo wanga akundiwerengera za pakompyuta.

"Akutayikabe! Akutayikabe, achimwene!"

Nditagwira waya wina wabuluu n'kumutsatira ndi chala, ndinangoona wazungulira mwendo wa tebulo n'kubwereranso m'kabokosi momwemo. Mitu yonse iwiri m'swichi imodzi! Ndiye kuti uthenga umangozungulira pompo, kuchulukana mpaka njira yonse kutsekeka.

"Walowetsa uyu ndani?"

"Ndine," anatero amalume, osachita n'komwe manyazi. "Umalendewera. Ofesi yanga sindifuna zolendewera, mphwanga. Bowo linalipo, ndiye ndinati ulowe."

Amalume athu ndi aja oti ngakhale cholembera chikapendekeka patebulo sagona tulo.

Ndinazula. Timagetsi tinadekha.

"Onse akubwera! Khumi pa khumi!" Mlongo wanga anakuwa. Asanamalize n'komwe, kompyuta inalira. Anali akuluakulu ofunsa mafunso aja.

"Musatuluke!" ananong'ona mlongo wanga, akundiponda phewa ndi chidendene. "Muoneka pakamera!"

Ndiye ndinakhala momwemo, khosi lopinda, fumbi m'mphuno, waya m'manja. Ndinkaona nsapato zake zokha, zikunjenjemera. Funso loyamba anayankha mokokera mawu, ine n'kumati mayo, tagwa nayo. Koma pa lachiwiri nsapato zinakhazikika pansi. Mwana uja ndinkamubereka kumbuyo akulirira masiwiti anayamba kulankhula ngati mwini kampani, mpaka bwana wina anaseka n'kuti, "Apo mwalasa." Sindinadziwe kuti mlongo wanga ndi wanzeru chonchi. Ndinalira pansi pa tebulopo, sindibisa, ndikudzitsina mphuno kuopa kuyetsemula.

Kumapeto mayi wina anafunsa, "Mungayambe liti?"

Dzanja la mlongo wanga linatsika pansi pa tebulo, kufufuza, n'kugwira khutu langa zolimba.

"Mawa lomwe," anatero.